Mwanawe, Ng'oma Yoliritsa Sichedwa Kung'ambika

Mwana wanga, iwe amene wasandutsa chipinda chogona kukhala situdiyo, tatsitsa kaye voliyumu tikambirane. Kaya ndiwe mnyamata kaya mtsikana, kaya uli ndi laputopu yobwereka kaya foni yokha, vuto lako ndikulidziwa. Nyimbo wamaliza. Mawu ake ndi aluso, biti ikugunda bwino. Koma ukaiika pafoni pakati pa nyimbo za akatswiri, yako ikumveka motsika, mofooka. Mnzako wamvera n'kufunsa kuti, "Aise, bwanji ilibe mphamvu?" Mtima wawawa. Wabwerera pakompyuta, wagwira master, wakankhira m'mwamba. Mita yafiira. Iwe ukuti palibe kanthu, bola ikumveka.

Kanthu kalipo. Chotsa dzanja pamenepo.

Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ine ndakalambira pantchito yojambula nyimbo, ndipo mwambi umenewu ndinaumva nkhwangwa ili m'mutu. Sindikufuna iwe udzaumve choncho. Chimene ndikufuna ugwiritse lero n'chimodzi: mphamvu ya nyimbo sipezeka pa batani lomaliza. Imamangidwa kuyambira pamene woyimba watsegula pakamwa. Ukaiphonya poyamba, pomaliza sungaigule. Mmera mpoyamba.

Yamba wadziwa kuti pakompyuta pali denga. Dengalo ndi ziro wa pamita yako, amene amalemba kuti 0 dBFS. N'chifukwa chake manambala ena onse ali ndi kamzere kutsogolo: -6, -12, -18. Akukuuza mtunda umene watsala kuti ugunde denga. Pamwamba pa ziro palibe malo. Kompyuta imasunga mawu mwa manambala, ndipo manambalawo ali ndi polekezera. Funde la mawu likafuna kupyola pamenepo, nsonga yake imadulidwa n'kutsala yafulati. Kudula kumeneku ndiko amati clipping, ndipo kukhutu kumamveka ngati kuthetheka ndi kusasa, makamaka pamene woyimba wakweza mawu kapena ng'oma yagunda. Mapulogalamu a masiku ano akhoza kukunyenga, chifukwa m'kati mwawo amalola mawu kupyola ziro osasweka. Koma pakhomo polowera, pamene mawu a maikolofoni akusanduka manambala, ndi pakhomo potulukira, pamene ukusunga nyimbo yoti anthu amvere, denga lili pomwepo. Silisuntha.

Nanga katswiri uja amatani? Denga lake ndi lomweli. Sanapatsidwe ziro wina wapamwamba kuposa wako. Kusiyana kuli pa zimene waika pansi pa dengalo. Taganiza za ndowa ya chimanga. Ukathiramo chosatonola imadzaza msanga, koma kuchigayo ubwerako ndi ufa wochepa, chifukwa malo ambiri apita ku zitsononkho ndi mipata. Ukatonola n'kupeta, ndowa yomweyo ilemera. Wosadziwa amapondereza zitsononkho ndi phazi mpaka ndowa kung'aluka. Wodziwa amatonola. Khutu la munthu silitengeka ndi nsonga imene yangoti thwani n'kuzimirira. Limamva kulemera kwa mawu onse pamodzi kwa kanthawi. Nyimbo ikhoza kumagunda ziro koma n'kumamveka motsika, chifukwa malo onse apita ku besi yosamveka ndi nsonga zingapo zothawa.

Ife a nthawi ya makaseti tinaphunzira mwina. Tepi inali ndi kaphokoso kake ka siii, ndipo pofuna kukakwirira tinkajambula mokweza mpaka singano ya mita kunyambita pofiira. Tepi inkakhululuka. Ukaipyoza pang'ono inkafinya mawu mofewa, nthawi zina n'kuwakometsa kumene. Kompyuta itabwera, ine ndinasamuka nacho chizolowezicho. Palibe anandiuza kuti kompyuta sikhululuka, ndipo ine sindinafunse. Safunsa anadya phula.

Kunabwera kwaya ya amayi a mpingo wina wakumudzi. Ndalama anasonkha kwa miyezi, ena pogulitsa mandasi, ena mtedza wa m'munda mwawo. Anachita hayala lole, anafika fumbi lili mbuu m'nsalu, koma nkhope zikuwala. Ndinatchera maikolofoni pamene ankayimba vesi yoyamba, motsitsa, mwaulemu. Atafika pakolasi, asopulano atatsegula kukhosi, getsi lofiira linayamba kuphethira. Ndinaliona ndi maso angawa. Ndinati mumtima, ndikonza pomikisa. Dzuwa linali litapendeka, dalaivala wa lole akuliza hutala panja, ndipo ine sindinafune kuoneka wosadziwa pamaso pa amayi. Ndinawauza kuti zonse zayenda bwino.

Sizinakonzeke. Pofuna kubisa manyazi ndinakweza chimbale chonse, poganiza kuti kung'ambikako kusochera m'phokoso. Ma CD anadindidwa. Tsiku lokhazikitsa chimbale, tchalitchi chitadzaza, paliponse pamene nyimbo inkafika pachimake, pamene munthu amayenera kugwidwa mtima, mawu ankathetheka. Anthu anatembenukira kwa mnyamata wa zokuzira mawu, kuganiza kuti sipika yake yaphulika. Iye anayang'ana ine. Ndinagulitsa kiyibodi kuti ndiwabwezere ndalama zawo. Makwaya amauzana, ndipo kwa zaka a dera limenelo ankadutsa pakhomo panga kukajambulitsa kwina. Koma zonsezo n'zazing'ono. Mayi amene ankatsogolera nyimbo anamwalira asanapeze mpata wojambulanso. Mawu ake okhawo amene anatsala pansi pano ndi ong'ambika aja, ndipo anawang'amba ndine.

Madzi akatayika saoleka. Alipo mapulogalamu amene amati amakonza clipping, koma amangolota nsonga imene inadulidwa, sabweza yeniyeniyo. Chofiira si mphamvu, mwanawe. Chofiira si mphamvu.

Choncho pojambula, tsitsa. Usanadinde batani lojambulira, uza woyimba ayimbe pamene amakweza kwambiri, pakolasi penipeni. Osati "wani thu, wani thu." Munthu poyesa maikolofoni amachita manyazi, koma nyimbo ikamulowa amatulutsa mawu onse. Tembenuza gain kufikira malo okwerawo azifika cha pa -12, ndipo asapyole -6. Funde likaoneka laling'ono pasikirini, usade nkhawa. Jambula pa 24-bit. CD ili pa 16-bit, imene imapereka mpata wa ma dB pafupifupi 96 kuchokera padenga kufika pansi. 24-bit imapereka 144 papepala, mpata woposa umene chipangizo chako chingathe kugwiritsa ntchito. Kaphokoso ka tepi kamene ife tinkathawa, iwe sikakukhudza. Mawu ojambulidwa motsika ukhoza kuwakweza mawa. Ong'ambika sungawasoke.

Woyimba akadandaula kuti sakudzimva, usakweze gain. Kweza mahedifoni ake, kapena umutsitsire biti. Mabatani awiriwa ndi osiyana, ndipo ambiri amagwera pamenepa.

Pakati pa mlomo ndi maikolofoni pakhale mpata wa chikhatho chotambasula, masentimita 15 kapena 20. Akayandikira kwambiri, maikolofoni ambiri amanenepetsa mawu kumunsi, ndipo "p" ndi "b" aliyense amaponya mphepo imene imakagunda denga. Ikapo kansalu kotchinga mpweya. Ngati ulibe ndalama, sokosi yopyapyala ya amayi yokungidwa pa waya wa hang'ala igwira ntchito. Woyimba naye aphunzire kubweza mutu pang'ono akamakweza mawu.

Mvetseranso chipinda chako. Chilichonse chimene maikolofoni yatola lero, limiter idzachikweza mawa: tambala wa aneba, chigayo, fani ya laputopu, mvula pamalata, kung'ung'uza kwa waya wotha. Makoma a simenti amabweza mawu, ndipo mawu obwererawo amachititsa woyimba kumveka kutali ngakhale umukweze chotani. Pachika mabulangete okhuthala kumbuyo kwake, imika matiresi, tsegula kabati ya zovala. Matileyi a mazira amene anzako amamata pakhoma asakunamize. Ndi opyapyala, sachita zambiri. Ndipo dikira nthawi imene kunja kwakhala bata.

Tsopano za biti yotenga pa intaneti, kapena imene mnzako wakuponyera pa WhatsApp. Biti yotero imabwera itafinyidwa kale, itagunda kale denga. Ukaikapo mawu, amamira. Ndiye umakweza mawu kuti apose biti, zonse n'kuswekera pamodzi. Chita mosemphana. Tsitsa biti ndi ma dB 6 kapena 8, mawu apeze pokhala. Chabwino koposa, pita kwa mwini biti, umulipire, akupatse WAV yopanda limiter, kapena zida zonse chilichonse pachokha. Biti yakuba imabwera ndi mavuto awiri, la kamvekedwe ndi la mlandu.

Pomikisa lamulo ndi lomwelo: tsitsa. Master isiye pamene unaipeza, usaikhudze. Chida china chikapanda kumveka, usathamangire kuchikweza; funsa kaye kuti chikuphimbidwa ndi chiyani, utsitse chimenecho. Wokweza chilichonse amathera pamene anayambira, kungoti tsopano zonse zafiira. Zida zonse zikamalira pamodzi, mita ya master izisewera cha pa -6. Ukamva kuti zatsika, kweza masipika ako, osati nyimbo. Ngati umagwiritsa ntchito FL Studio, suzumira pa master: kawirikawiri pamakhala kale Fruity Limiter, ndipo imafinya mwakachetechete iwe osadziwa. Izimitse kaye pomikisa, mita ikuuze chilungamo.

Werenganso zida zako. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mapiyano atatu, ma synth anayi, mawu ovomereza mulu, zonse zikulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye ukudabwa kuti nyimbo yabanika? Tenga nyimbo yovina imene umasirira, uwerenge zimene zikulira nthawi imodzi. Udabwa kuchepa kwake. Zida zikachepa, chilichonse chimapeza malo n'kumveka chachikulu. Ndipo kolasi imagunda mwamphamvu chifukwa vesi inatsika. Popanda potsika, pokwera sipadziwika.

Wodya malo wamkulu ndi besi. Mawu apansi amadzaza mita, koma khutu limawamva pang'ono. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Labs ku America anasonyeza zimenezi mu 1933: khutu la munthu ndi lakuthwa kwambiri pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz, pomwe kumunsi limamva movutikira, makamaka voliyumu ikakhala yotsika. Ndiye tenga EQ, uike high-pass pa chilichonse chimene si besi kapena kick. Pa mawu a mwamuna dula zapansi pa 80 Hz. Pa a mkazi ukhoza kufika 100 kapena kupyolako pang'ono. Kumeneko kulibe nyimbo, kuli kugwedezeka kwa tebulo ndi mkokomo wa magalimoto apamsewu. Ngakhale pa besi yeniyeniyo, zapansi pa 30 Hz n'zongodya malo. Chingwe chotsikitsitsa cha besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz. Pakati pa 200 ndi 400 Hz ndi pamene zida zambiri zimaunjikana, nyimbo n'kumveka yotsekeka. Chepetsako pang'ono pa zida zimene zilibe ntchito pamenepo. Kick ndi besi zisamalimbirane mpando umodzi. Sankha chimodzi chikhale pansi, china chikwereko, kapena besi izigonja kamphindi kick ikagunda, njira imene amati sidechain.

Kumbukira amene adzamvere nyimbo yako. Ambiri adzaimvera pa sipika ya foni, pa kawayilesi ka memori khadi, pa kasipika ka Bluetooth ka m'babashopu. Kasipika ka foni sikatulutsa besi yapansi n'komwe. Ukadzaza nyimbo ndi besi ya 808 yogwedeza mutu m'mahedifoni, pafoni idzasowa, chonsecho malo idzakhala itadya kale. Mankhwala ake si kuikweza. Ipatse saturation pang'ono, imene imabereka mawu ena okwererapo pamwamba pa besiyo. Foni imatulutsa amenewo, ndipo ubongo wa womvera umamalizitsa wokha zotsalazo.

Ukatha kuchotsa zosafunika, weta nsonga zothawa. Yamba ndi dzanja. Yenda m'mawu a woyimba mzere ndi mzere: liwu limene laphulika ulitsitse, limene lamira ulikweze. Ndi ntchito yotopetsa, ya maola, ndipo ndi imene imasiyanitsa wodziwa ndi wongodinda mabatani. Kenako ika compressor. Ntchito yake ndi kutsitsa zokwera zokha, kuti pambuyo pake ukweze zonse pamodzi. Pa mawu yamba ndi ratio ya 3:1 kapena 4:1, utsitse threshold kufikira izidya ma dB 3 mpaka 6 pamalo okwera. Attack ikafulumira kwambiri imapha kugunda kwa ng'oma. Release ikachedwa kwambiri nyimbo imalephera kudzuka. Manambalawa ndi poyambira chabe, woweruza ndi khutu. Ma compressor awiri odya pang'onopang'ono amaposa imodzi yodya zonse yokha. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Limiter ibwere pomaliza penipeni. Pambuyo pake pasakhale china koma mita. Denga lake uliike pa -1 dB, ndipo ngati pali batani la true peak, liyatse. Osati pa ziro. Nyimbo ikamasandutsidwa MP3 kapena AAC nsonga zake zimasintha, zina n'kukwera. Imene inali pa ziro ndendende imapyola, n'kukang'ambikira m'foni ya womvera iwe uli mtulo. Spotify yomwe imapempha -1, ndipo nyimbo ikakhala yokwera kwambiri imapempha -2. Tsopano kweza zolowa mu limiter pang'onopang'ono, maso ali pa kamita koonetsa zimene ikudya. Ma dB 2 kapena 3 pamalo okwera, nyimbo yomikisidwa bwino imalandira osadandaula. Ukapitirira pamenepo, tchera khutu. Snare ikasiya kuluma, besi ikayamba kunjenjemera, nyimbo ikayamba kupuma wefuwefu kick ikagunda, wapyola. Bwerera. Ngati limiter ikudya ma dB 8 kuti ufike pamene ukufuna, vuto si limiter. Vuto lili m'kamikisidwe. Bwerera kumeneko.

Lilipo bodza limene khutu lako lomwe lidzakuuza. Pa zinthu ziwiri zofanana, chokwerako pang'ono chimamveka chokoma. Ngakhale dB imodzi yokha imakwanira kukupusitsa. Ndiye ukayatsa limiter n'kumva kukoma, usakhulupirire msanga. Tsitsa yokwezedwayo ifanane ndi yoyamba, uzisinthanitsa uli chitsinzinire. Ngati zitafanana voliyumu yoyamba ija ndiyo ikukoma, sunakonze kanthu, wawononga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitanso chimodzimodzi ndi nyimbo ya katswiri: ilowetse mu pulojekiti yako, uitsitse ifanane ndi yako, kenako ufanizire besi, mawu ndi ng'oma. Ukatero ikuphunzitsa. Ukaisiya mokweza ingokukhumudwitsa.

Usaganize kuti matendawa ndi ako wekha. Makampani akuluakulu a ku America ndi ku Ulaya anadwala nawo zaka zambiri. CD itatuluka mu 1982, zimbale zoyambirira zinkasiya mpata wambiri pansi pa denga. M'zaka za m'ma 1990, ma limiter a digito atafala, aliyense anafuna kuti chimbale chake chipose cha mnzake, mpaka mpikisanowo unatchedwa nkhondo. Mu 2008 gulu la Metallica linatulutsa chimbale cha Death Magnetic. Ndalama anali nazo, masitudiyo apamwamba, akatswiri otchuka. Koma chimbalecho chinafinyidwa mpaka otsatira awo enieni anadandaula za kung'ambika kwa mawu, anthu masauzande n'kusaina chikalata pa intaneti chopempha kuti achimikisenso. Ambiri anati nyimbo zomwezo zinkamveka bwino mu gemu ya Guitar Hero, m'mene zinalowa zisanafinyidwe choncho. Ngati a ndalama zotero anagwera m'dzenje limeneli, iwe usadzione wochenjera.

Ndipo malo ambiri nkhondoyo inatha ntchito. Mu 2006 bungwe la ITU linakhazikitsa njira yoyezera kukwera kwa mawu motsata mmene khutu limamvera, ndipo muyezo wa LUFS unachokera kumeneko. Mu 2010 bungwe la nyumba zoulutsira mawu za ku Ulaya la EBU linagwirizana pa -23 LUFS. Spotify imalinganiza nyimbo pa -14 LUFS, YouTube nayo imatsitsa zokwera kufika cha pomwepo, Apple Music cha pa -16. Tamva tanthauzo lake. Ukafinya nyimbo yako kufika -7, Spotify idzaitsitsa ndi ma dB 7. Kukwera kudzachoka. Kung'ambika kudzatsala. Pambuyo pake padzalira nyimbo ya mnzako amene sanafinye, ng'oma zake zikugunda momasuka, yako n'kumveka yaing'ono. Pawayilesi ya FM n'chimodzimodzi. Nyumba zoulutsira mawu zili ndi makina awo ofinya mawu asanapite m'mlengalenga, ndipo nyimbo yong'ambika kale imatulukamo itang'ambika koposa, osati itakwera koposa.

Sindikubisira, kwathu kuno nyimbo zambiri sizidutsa pa Spotify. Zimayenda pa WhatsApp, pa memori khadi, pa fulashi ya dalaivala wa minibasi ndi ya DJ wa paukwati, kumene kulibe wolinganiza. Kumeneko nyimbo yotsika kwambiri imaonekeradi ng'amba. Ndiye -14 usamutenge ngati lamulo. Peza mita ya LUFS; Youlean Loudness Meter ilipo yaulere. Nyimbo yovina yomikisidwa bwino ikhoza kufika -10 kapena -9 ikadali yoyera. Ya kwaya, kapena ya gitala ndi mawu okha, isiye cha pa -14, ipume. Pamene nyimbo yako yafika isanayambe kusasa, pamenepo ndiye pake. Usaikakamize nambala ya nyimbo ina.

Ukamaliza, sunga WAV, ndipo makope ena onse azichokera kwa imeneyo. MP3 uipange kuchokera ku WAV, pa 320 kbps. Osapanga MP3 kuchokera ku MP3 inzake, chifukwa ulendo uliwonse imataya kanthu kena kosabwerera. Potumiza kwa woulutsa mawu kapena DJ pa WhatsApp, itumize ngati document kuti ikafike mmene ilili.

Usaitulutse usiku womwewo. Kuthamanga sikufika. Makutu akagwira ntchito maola ambiri amatopa, ndipo khutu lotopa limapempha zokwera ndi zosongoka. Igone. M'mawa uimvere pafoni, pa mahedifoni otchipa, m'galimoto, pa kasipika kamodzi kokha. Uimverenso motsitsa kwambiri: ngati mawu a woyimba ndi ng'oma zikumvekabe, uli panjira. Umupatsenso munthu amene sakuopa kukuuza zoona, osati amayi ako, osati chibwenzi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo ikakhala nyimbo imene waikirapo mtima wonse, sunga kandalama upite kwa wodziwa mastering, ukhale pambali pake, uzifunsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chatsala ndi makutu, ndipo apa undimvetsere bwino. Ndili mnyamata ndinkamikisa masipika ali pamapeto, usiku wonse, chifukwa mokweza zonse zinkakoma. Ndikatuluka m'situdiyo makutu ankalira, m'mawa n'kusiya. Ndinkaseka. Tsiku lina sanasiye. Mpaka lero m'khutu langa lamanzere muli kaliwu kosatha, usana ndi usiku, ndipo mawu apamwamba sindiwamva bwino. Ndimachita kuitana mwana wa mlongo wanga kuti andiuze ngati hi-hat yapyola. Tinthu ting'onoting'ono ta m'kati mwa khutu timene timatola mawu, tikafa sitimeranso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu chifukwa chomvera zinthu mokweza mosasamala. Oona za chitetezo pantchito amati phokoso la 85 dB munthu asakhalemo kupitirira maola 8 patsiku, ndipo ma dB 3 aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati: 88 ndi maola 4, 91 ndi maola 2, 100 ndi mphindi 15 zokha. Mikisa pa voliyumu yoti ukhoza kucheza ndi munthu osakuwa. Ola likatha, tuluka panja, makutu apume. Maikolofoni ikafa ugula ina. Sipika ikapsa ugula ina. Khutu palibe akugulitsa.

Ndikudziwa, mwanawe, ukufuna kumveka. N'chifukwa chake unayamba kuyimba, ndipo si tchimo. Koma womvera ali ndi batani la voliyumu m'manja mwake. Nyimbo yoyera ikamukomera aikweza yekha, mpaka aneba adandaule. Yong'ambika alibe batani loikonzera. Ali ndi lodumphira ku nyimbo ina basi.

Ndiye zimitsa limiter. Tsitsa matchanelo onse. Mvetsera mawu a woyimba paokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati anang'ambika pojambula, usadzinamize ngati ine. Muitane woyimbayo, umuuze zoona, umupepese, umulipirire minibasi, adzayimbenso. Anyinyirika, mwina akunyoza. Pirira. Manyazi obwereza ndi a tsiku limodzi, koma a nyimbo yong'ambika amakhala m'mafoni a anthu zaka ndi zaka, dzina lako lili pomwepo.